PHUNZIRO LA MWEZI UNO: Za Madzi a Zipatso, ndi Umo Asandukira Vinyo

Phunziro lathu la mwezi uno liri la cinthu cimene cicitika pamaso pathu caka ndi caka, koma owerengeka okha adziwa ciyambi cace. Pofika miyezi ya November ndi December masuku ndi mango zigwa zambirimbiri, kotero kuti ana akhuta, nkhumba zikhuta, ndipo zotsala zingoolera patsinde. Pa nyengo ya cisanu masau acita cimodzimodzi ku cigwa ca Shire ndi ku Tete. Munthu akapita pansi pa mtengo wotere amva pfungo lonunkha ngati mowa, angakhale palibe munthu anafulula kanthu pamenepo. Nanga wafulula ndani?

Funso limeneli tifuna kuliyankha mwa dongosolo. Tidzayamba ndi wofulula wosaonekayo. Tidzaona umo alimi ang'ono a ku England acitira ndi maapozi ao, pakuti nchito yao idziwika bwino, ndipo zolakwa zao zomwe zinalembedwa. Pambuyo pace tidzabwera ku zipatso za kwathu. Munthu asayese kuti phunziro ili limuitanira ku cikho. Yense adziwa lamulo la mpingo wace pa zakumwa, ndipo lamulolo likhala monga liri. Koma umbuli pa zinthu izi wapha anthu ambiri, ndipo ena ataya zipatso zimene zikadathangata mabanja ao.

1. Wofulula wosaoneka

Pa makoko a zipatso, m'pfumbi, ndi pa miyendo ya touluka, mukhala tizamoyo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tiri ta mtundu wa bowa, ndipo kucepa kwace nkwakuti mukatindanda 150 kapena 200 pa mzere umodzi, tingokwana milimita imodzi. Ndi comweco cimene titupitsira mkate. Cifukwa cace ticicha cotupitsa, ndipo m'masitolo acigulitsa ndi dzina lakuti yisiti.

Woyamba kuciona anali Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft m'dziko la Holland, amene caka ca 1680 anayang'ana dontho la mowa pa galasi lokuza zinthu, naona timibulu, koma sanazindikire kuti tiri ndi moyo. Caka ca 1837 Charles Cagniard de la Tour ku France ndi Theodor Schwann ku Germany anaonetsa kuti timibuluto tibalana, kena kaphuka pa kanzace. Ndipo kuyambira 1857 Louis Pasteur anatsimikiza kuti kuwira kwa zakumwa ndi kusasa kwace ziri nchito za tizamoyo, ndi kuti mtundu uli wonse uli ndi nchito yaceyace. Caka ca 1866 iye anaturutsa buku lonena za vinyo ndi nthenda zace.

Cakudya ca cotupitsa ndico shuga. Cikadya shuga citurutsa zinthu ziwiri: ukali woledzeretsa, umene asing'anga aucha alcohol, ndi mpweya wochedwa carbon dioxide, umene uoneka ngati thobvu. Anzeru anayesa pa sikelo, napeza kuti magalamu 180 a shuga apatsa ngati magalamu 92 a ukali ndi 88 a mpweya. Ndiko kunena kuti pafupifupi theka la shuga licoka monga mpweya; ndipo mpweya woturuka m'lita imodzi ya madzi a mphesa ufika pafupi malita 50. Apa mudzamvetsa fanizo lija la Ambuye la vinyo watsopano ndi matumba akale a zikopa. Cikopa catsopano cifutukuka mpweya ukacuruka, koma cakale cauma, ndipo cingong'ambika. Omva fanizolo anali anthu ozolowera nchito iyi, nalimvetsa msanga.

Zindikiraninso kusiyana kwa cipatso ndi cimanga. M'cimanga shuga ngwomangika, ndipo cotupitsa sicikhoza kumdya kufikira cimera citammasula. Ndico cifukwa cace amai athira cimera pophika thobwa. Koma cipatso cakupsa ciri ndi shuga womasuka kale. Cingofuna kuphwanyika, ndipo nchito iyamba yokha.

2. Umo acitira alimi a ku England

Kumadzulo kwa England, m'maiko a Herefordshire, Somerset ndi Devon, mphesa sizinali kubala bwino cifukwa ca cisanu, koma maapozi abala kwambiri. Potero alimi akumeneko akhala zaka mazana ambiri alikufinya maapozi, nasunga madzi ace kuti awire. Cakumwa cimeneco acicha cider.

Maapozi a nchito iyi asiyana ndi amene tigula pamsika. Ambiri ngang'ono, ndipo mukaluma limodzi mudzalabvula, pakuti liri ndi khambi longa la nthoci yosapsa. Caka ca 1903 anakhazika nyumba yofufuza za zipatso ndi cider ku Long Ashton, pafupi ndi mudzi wa Bristol, ndipo akumeneko anagawa maapozi m'magulu anai: otsekemera, owawasa, akhambi otsekemera, ndi akhambi owawasa. Mlimi wanzeru asanganiza magulu awa, kuti kutsekemera kupatse mphamvu, kuwawasa kuchinjirize cakumwa, ndi khambi licikometse pakamwa. Mitundu ina, monga Kingston Black, iri nazo zonse zitatu pa muyeso wabwino, ndipo ikhoza kufinyidwa payokha.

Kukolola kucitika kuyambira October kufikira December. Agwedeza mitengo ndi ndodo zazitali, naunjika zipatso masiku angapo kuti zipse bwino. Atero, azitsuka ndi kutaya zoola zonse. Kale anali kuziphwanya ndi mwala waukuru wozungulira, wokokedwa ndi kavalo m'ngalande ya miyala. Lero acita ndi makina ang'ono. Phala la maapozi aliyala m'mizere, kuika phala, pamwamba pace udzu wa tirigu kapena nsaru, kenaka phala lina, kufikira mulu wakwera. Ndipo aupanikiza ndi thabwa lolemera lotsika pang'ono pang'ono. Makilogalamu 10 a maapozi apatsa malita 5 kufikira 7, monga mwa mphamvu ya cofinyira. Zotsalira apatsa ng'ombe.

Madziwo awathira m'migolo ya matabwa, osaonjeza kanthu. Pakupita masiku owerengeka thobvu lofiirira liyamba kuturuka pa kabowo ka pamwamba, litasenza zinyalala. Poyamba zigwira nchito zotupitsa za kuthengo zofooka, zimene zitha mphamvu ukali ukafika ngati magawo 4 kapena 5 pa 100. Pamenepo cotupitsa colimba, cochedwa Saccharomyces cerevisiae, cimene cikhala m'nsaru ndi m'matabwa a cofinyira caka ndi caka, cilanda nchito ndi kuitsiriza. Mlimi adzaza mgolo nthawi ndi nthawi kuti usakhale ndi malo opanda kanthu. Popeza ndi nyengo yozizira, kuwira kupita pang'ono pang'ono miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale kuposa. Kukatha, atsanulira cakumwa coyera m'mgolo wina, nasiya nsenga pansi.

Akale akumeneko ankati cider awiranso mitengo ikacita maluwa. Lero tidziwa cifukwa cace: kunja kukafunda, tizamoyo ta mtundu wina tisandutsa kuwawasa kwakuthwa kwa apozi kukhala kuwawasa kofatsa konga kwa mkaka wosasa.

Tsono cowerengera cace ndi ici, ndipo mucisunge: magalamu 17 a shuga m'lita imodzi apatsa ngati gawo limodzi la ukali pa 100. Madzi a maapozi akhala ndi magalamu 100 kufikira 130 m'lita, cifukwa cace cider afika magawo 6 kapena 7. Madzi a mphesa akhala ndi magalamu ngati 200, cifukwa cace vinyo afika magawo ngati 12.

3. Tanthauzo la mau akuti "wa cilengedwe"

Nchito iyi itagwa m'manja mwa makampani akuru, njira zinasintha. Ambiri agula madzi a zipatso ophikidwa mpaka kulimba ngati uci, nawasungunula ndi madzi ndi shuga, nathira cotupitsa cogula ndi mankhwala osungira. Lamulo la ku Britain la caka ca 2010 linati cakumwa cikhoza kuchedwa cider ngati magawo 35 okha pa 100 ali madzi a maapozi. Poona ici, opanga ang'ono ena anabwerera ku njira ya makolo ao: madzi a cipatso okhaokha, a m'munda wapafupi, owira ndi cotupitsa cace comwe.

Ku France kunacitika zofanana pa vinyo. M'dziko la Beaujolais munthu wina wophunzira, Jules Chauvet, anaphunzitsa kuti mphesa zolimidwa bwino zikhoza kuwira zokha popanda zoonjeza zambiri, ndipo m'zaka za 1980 alimi ena, monga Marcel Lapierre wa ku Morgon, anatsata mau ace. Caka ca 2020 alimi otere anabvomerezedwa cizindikiro cao, ndi malamulo akuti mphesa zilimidwe popanda mankhwala a m'fakitale, zichoredwe ndi manja, ziwire ndi cotupitsa ca kuthengo, ndipo sulfure, amene ena athira kuti aphe tizamoyo toononga, akhale wocepa ndithu kapena asakhalepo konse.

Ndipo kuli dziko lina, Georgia, kum'mawa kwa Nyanja Yakuda, kumene njira yakale sinaleke konse. Kumeneko aumba mbiya zazikuru zadothi zochedwa qvevri, azipaka phula la njuci m'kati, nazikwirira m'nthaka kufikira m'khosi. Athiramo mphesa zophwanya pamodzi ndi makoko ace, natseka pakamwa, ndipo nthaka isunga mbiyazo zozizira miyezi yonse. Caka ca 2013 bungwe la UNESCO linalemba njira iyi pakati pa miyambo yoyenera kusungidwa, ndipo caka ca 2017 ofukula zakale analengeza kuti anapeza zizindikiro za vinyo m'mapale a m'dzikomo a zaka ngati 8,000. Amai athu oumba mbiya aone kuti luso lao siliri lacabe.

Koma walira mvula walira matope. Wokana mankhwala osungira wacotsa mlonda pakhomo, ndipo ayenera kulonda yekha ndi ukhondo woposa. Mudziwenso ici: mau akuti "wa cilengedwe" sacepetsa ukali. Woledzera ndi vinyo wa cilengedwe agwa m'ngalande yomweyo imene agwamo woledzera ndi wa m'fakitale.

4. Adani anai

Mdani woyamba ndiye mpweya wa kunja. Pali tizamoyo tina, tochedwa Acetobacter, timene tidya ukali uja ndi kuusandutsa viniga. Koma sitikhoza kutero popanda mpweya. Pamene cakumwa cirikuwira mwamphamvu, mpweya wace womwe ucikuta ngati pfunda. Kuwira kukacepa, pfundalo licoka. Cifukwa cace cotengera cikhale codzala kufikira m'khosi, ndi cotsekedwa mwa njira yakuti mpweya wa m'kati uturuke koma wa kunja usalowe. Njira yapafupi ndi iyi: boolani citsekero, lowetsani kapaipi kamphira, matani bwino m'mbali mwace, ndipo nsonga inayo muibviike m'botolo la madzi. Mpweya udzaturuka ndi kubwibwita m'madzimo, koma sudzapeza njira yobwerera.

Mdani waciwiri ndi tinchenche tating'ono tija tiunjikana pa nthoci zakupsa. Timeneti tinyamula tizamoyo ta viniga pa miyendo. Nsaru yoyera yomangidwa pakamwa pa cotengera itichinga.

Mdani wacitatu ndiye cotengera coipa. M'zaka za 1700 anthu a ku Devon anali kudwala m'mimba koopsa, ena kufa manja, ndipo ambiri anati cifukwa cace ndi kuwawasa kwa cider. Koma caka ca 1767 sing'anga George Baker anaonetsa kuti cocititsa ndi mtobvu, umene alimi anamatira nao miyala yophwanyira ndi zofinyira. Madzi owawasa anasungunula mtobvuwo, ndipo anthu anaumwa. Alimi anakwiya naye poyamba, koma ataleka mtobvu nthendayo inazimirira. Potero madzi a zipatso asakhale m'cotengera ca citsulo ca dzimbiri, ca mkuwa, kapena ca malata. Koposa zonse, mgolo kapena cigubu cimene munali mafuta a galimoto kapena mankhwala a m'munda cisayandikire cakudya ca munthu, cingakhale catsukidwa kakhumi. Zoyenera ndizo galasi, mbiya yootcha bwino, citsulo cosacita dzimbiri, ndi cigubu copangidwira zakudya.

Mdani wacinai ndico cinthu coola kapena ca cuku. Ikaola imodzi zaola zonse. Cuku cina cimene cimera pa maapozi oola cisiya ululu m'madzi ace, ndipo kuphika sikuucotsa wonse. Kumbukirani zimene zinacitika ku Chitima, m'dziko la Tete, mwezi wa January 2015. Anthu anamwa mowa wa masese pa maliro, ndipo 75 anafa, pamodzi ndi mai amene anaufulula. Mbiri inabuka yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, ndipo anthu anayamba kulozana zala. Koma asing'anga atapima, anapeza ululu wocokera kwa tizamoyo timene tinamera mu ufa wa cimanga umene unanyowa ndi kuonongeka. Panalibe mfiti, panalibe mdani. Panali ufa woola umene anaucitira cisoni kuutaya. Unali mowa wa cimanga, koma phunziro lace likhudza yense wowiritsa kanthu: cimene simungathe kupatsa mwana wanu kuti adye, musaciponye m'mbiya.

5. Zipatso za kwathu

Maapozi samera ponse ponse kuno, koma tiri ndi masuku, masau, magwafa, mango, nthoci, jambula, bwemba, malambe, ndi mapicesi a kumapiri a Dedza ndi Ncheu. Mitundu ina ya anthu a m'Afrika idziwa nchito iyi kuyambira kale. Kumpoto kwa Namibia anthu afinya zipatso za mfula caka ndi caka, nacita cikondwerero cimene UNESCO inalemba caka ca 2015. Ndipo ku Lilongwe nyumba ya nchito ya Linga yaonetsa kuti jambula, magwafa ndi mapicesi a alimi a kwathu zikhoza kupatsa vinyo wa m'mabotolo.

Koma zipatso zathu zisiyana ndi maapozi pa zinthu zitatu. Coyamba, zambiri ziri ndi mnofu wolimba wosakha madzi, ndipo malambe ngouma ndithu. Ziyenera kufinyidwa m'madzi owiritsa ozizira, ndipo madziwo acepetsa shuga wa m'lita. Ndico cifukwa cace opanga vinyo wotere aonjeza shuga kapena uci. Mwa cowerengera cija, malita 10 a vinyo wa magawo 10 pa 100 afuna magalamu 1,700 a shuga, kuwerengera pamodzi ndi amene ali kale m'cipatso. Wopanda kuonjeza kanthu adzapeza cakumwa cofooka cimene sicikhala masiku ambiri.

Caciwiri, zina monga nthoci ndi mango akupsa ziribe kuwawasa kokwanira. Kuwawasa ndiko linga la cakumwa, pakuti cotupitsa cikupirira, koma tizamoyo tambiri toipa sitikupirira. Cifukwa cace zipatso zotere azisanganiza ndi madzi a mandimu, bwemba kapena malambe, monga mlimi wa ku Somerset asanganiza maapozi ace.

Cacitatu, kuno nkotentha. Nchito imene ku England itenga miyezi, kuno ithamanga nitsiriza mbali yace yaikuru m'sabata limodzi kapena awiri. Koma adani aja athamanga cimodzimodzi. Cotengera cikhale m'malo a mthunzi, pansi pozizira, cokutidwa ndi ciguduli conyowa, kapena cokwiriridwa pang'ono monga acitira a ku Georgia.

Dongosolo lace tsono ndi ili. Asankha zipatso zakupsa zosabvunda, nazitsuka. Acotsa nthanga osaziphwanya, makamaka za mapicesi, pakuti m'kati mwace muli ululu. Ziwiya zonse azitsuka ndi madzi otentha. Phala la zipatso likhala m'cotengera cobvundikira ndi nsaru masiku 3 kufikira 5, alikulitakasa m'mawa ndi madzulo kuti zoyandama zimire. Pamenepo asefa pa nsaru, nathira madziwo m'cotengera ca khosi laling'ono cokhala ndi kapaipi kaja. Kubwibwita kukaleka, atsanulira m'cotengera cina, nasiya nsenga, nadikira masabata ena kufikira cakumwa cayera. Kuona maso a nkhono nkudekha. Wothira m'botolo ndi kutseka kolimba shuga asanathe adzaona za matumba akale aja, koma tsopano zidzakhala zigamphu za galasi zouluka, zimene zikhoza kuboola diso la mwana.

6. Kacasu ndi nkhani yina

Pano tisiyanitse bwino. Cotupitsa ciri ndi malire ace, pakuti ukali ukafika magawo ngati 14 kapena 15 pa 100, ico comwe cifooka ndi kuleka. Kuti apitirire malirewo, anthu aphika cowiraco pamoto, nagwira nthunzi yace m'paipi yozizira. Ndiye kacasu ameneyu, ndipo mphamvu yace iposa ya cider kangapo.

M'zipatso zowira mukhala ukali wina pang'ono, wochedwa methanol, umene ucokera ku mnofu wa cipatso. M'vinyo ngwocepa, koma pophika usonkhana pamodzi ndi ukali winawo, ndipo wophika pamudzi alibe coyesera. Methanol akacuruka acititsa khungu, napha. Coopsa coposa ncakuti ogulitsa ena aumbombo athira dala mankhwala a m'fakitale kuti cakumwa cilume, ndipo paipi zina zophikira zimatidwa ndi mtobvu womwe uja unasautsa a ku Devon. Kuononga kwa zakumwa zaukali zotsika mtengo pakati pa anyamata kunacititsa Boma la Zambia kuletsa mowa wa m'timatumba caka ca 2012, ndi la Malawi caka ca 2015. Masau amene ambiri aphikira kacasu akhoza kuumikidwa padzuwa ndi kugulitsidwa miyezi yambiri, osagwetsa munthu.

7. Njira ziwiri zosaledzeretsa

Wodziwa zimene taphunzira akhoza kupulumutsa zipatso zace popanda kupanga coledzeretsa. Njira yoyamba ndiyo kusandutsa mdani kukhala wanchito. Madzi a zipatso atatha kuwira, muwathire m'cotengera ca pakamwa papakuru, mumange nsaru yoyera, ndi kuwaleka apume mpweya pamalo ofunda. Pamwamba padzamera kacikopa koterera. Musakataye, pakuti ndiko mudzi wa tizamoyo ta viniga, ndipo kadzafulumiza nchito ya ulendo wina. Pakupita masabata 4 kufikira 8 ukali udzakhala utasanduka viniga. Ameneyu akometsa ndiwo, afewetsa nyama, atsuka ziwiya, ndipo akhala miyezi yambiri m'botolo lotseka.

Njira yaciwiri ndiyo kupha cotupitsa cisanayambe nchito. Pasteur anaonetsa kuti kutentha kosafika pa kubwata kupha tizamoyo tambiri. Caka ca 1869 Thomas Welch, wa mpingo wa Methodist ku Vineland m'dziko la America, anatsata nzeru iyi, natenthetsa madzi a mphesa m'mabotolo kuti asawire, pofuna kuti mpingo wace ukhale ndi cikho cosaledzeretsa pa Mgonero wa Ambuye. Kuyambira pamenepo mipingo ina itumikira ndi madzi a mphesa otere, ndi ina isunga vinyo wowira monga kale. Yense atsate mwambo wa kwao, osanyoza mnzace. Pa nyumba, madzi a zipatso zowawasa athiridwe m'mabotolo otsuka bwino, mabotolowo aimikidwe m'mphika wa madzi otentha ngati madigiri 75 kwa mphindi 20, ndipo atsekedwe ali otentha. Zipatso zosawawasa zifuna madzi a mandimu poyamba. Botolo likatsegulidwa, limwedwe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace. Ndipo lotupa citsekero kapena lonunkha litayidwe.

8. Cenjezo kwa eni nchito ndi kwa mabanja

Mbiri ya cider iri ndi mbali yace yomvetsa cisoni. Alimi a ku England anali kulipira anchito ao mbali ina ya malipiro ndi cider, ngati malita 2 pa tsiku, ndi kuposa apo pa nyengo ya kukolola. Mwamuna anamwa thukuta lace kumunda, ndipo mkazi ndi ana analandira zotsala. Caka ca 1887 lamulo linaletsa kulipira munthu ndi cakumwa. Ku Cape, kumene vinyo woyamba anafinyidwa caka ca 1659, eni minda ya mphesa anacita comweco ndi anchito ao. Lamulo linaletsa m'zaka za 1960, koma mwambowo unapitirira m'minda ina kufikira zaka za 1990, ndipo unasiya cilonda cacikuru, pakuti ana ambiri a m'maderawo anabadwa opunduka nzeru cifukwa amai ao anamwa ali ndi pakati. Ife amene tidziwa ganyu wa mowa tisayese kuti nkhani iyi nja kutali. Wanchito alandire cimene angapite naco kwa ana ace.

Cifukwa cace, abale, mau otsiriza ndi awa. Mai wapakati asamwe coledzeretsa ciri conse, cingakhale cotsekemera ngati thobwa. Ana asapatsidwe. Wofuna kugulitsa vinyo wa zipatso ayambe wafunsa cilolezo kwa Boma, ndipo katundu wace apimidwe ndi a Malawi Bureau of Standards, kapena bungwe lotere la m'dziko limene akhala. Ndipo akuru a mudzi, pomva kuti anthu adwala atamwa kanthu, athamangire nao ku cipatala, nasunge cotsala ca cakumwaco kuti cikapimidwe, asanayambe kufuna munthu womnenera ufiti.

Mafunso akukambirana pa msonkhano wa pakati pa sabata

1. Cotupitsa cidya ciani, ndipo citurutsa zinthu ziti ziwiri?
2. Cifukwa ninji cimanga cifuna cimera, koma masuku safuna?
3. Ngati lita imodzi ya madzi a zipatso iri ndi magalamu 85 a shuga, ukali wace udzafika magawo angati pa 100?
4. Chulani adani anai, ndi njira yochinga yense wa iwo.
5. Anthu a ku Devon ndi a ku Chitima anayesa kuti cowasautsa nciani, ndipo coonadi cinali ciani?
6. M'mudzi mwanu ndi zipatso ziti zimene zitayika zambiri, ndipo ndi mabanja angati angagwirizane caka cino kuziumika, kapena kupanga viniga ndi madzi osungika?